Kabotolo ka a Mabuleki

Ku depoti ya mabasi kumene ndagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu, palibe amene amawatchula dzina la pa laisensi. Tonse timati a Mabuleki. Dzinali linachokera pa kayendetsedwe kawo: siteji ikadali kutali, munthu woimitsa basi asanakweze n'komwe dzanja, iwo ayamba kale kuponda mabuleki. Okwera achikulire amawakonda, ana asukulu ochedwa amawatukwana chamumtima. Sanagundepo ngakhale nkhuku. Ine ndine dalaivala mnzawo, tinapatsidwa mabasi m'mwezi umodzi womwewo, ndipo makabati athu osungiramo mayunifomu ndi oyandikana. Nkhani yawo sindingaikambe popanda kudziikamo, chifukwa mlanduwu tinaupalamula awiri.

Anakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja, kumene bambo awo ankamata matayala. M'banjamo munabadwa ana asanu, mwamuna iwo okha, ndipo mayi awo ankawanyamula ngati dzira. Sukulu anaisiyira panjira, n'kuyamba kutsuka mabasi, kenako anakhala kondakitala. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anadwala matsagwidi. Masaya anatupa, anzawo n'kumawaseka kuti munthu wandevu akudwala matenda a ana. Patapita masiku asanu kutupa kuja kunatsikira kumusi, mbali zonse ziwiri, moti kwa sabata ziwiri ankayenda atatangadza miyendo. Amene anawapatsa mankhwala kuchipatala anangonena uku akulemba, osawayang'ana kumaso, kuti matendawa akagwira munthu wamkulu nthawi zina amapha mbewu. Mnyamatayo anameza mawuwo osauza mayi ake, alongo ake, kapena wina aliyense. Ine ndinadzawamva patadutsa zaka khumi ndi zinayi.

Anakwatira ali ndi zaka makumi atatu. Akazi awo, amene ine ndimawatchula kuti alamu, amasoka mayunifomu a ana asukulu m'shopu ina yam'mbali mwa msewu umene basi yawo imadutsa. M'shopumo muli makina atatu, ndipo masiku amenewo awo anali a pawindo. Okwera ndi amene anayamba kuzindikira kuti basi ikafika pamenepo imayenda ngati yatha mafuta. Anali mayi woseka chikhakhali chomveka kutsidya la msewu, wodziwa kuyankha nthabwala, ndipo ine amene pakamwa panga sipagonja kawirikawiri, kwa iwo ndinkagonja. Anapeza nyumba yapamdadada, mpopi umodzi mabanja asanu ndi limodzi, n'kuyamba banja lawo bwinobwino.

Chaka choyamba anthu ankangomwetulira. Chachiwiri anayamba kuyang'ana pamimba asanapereke moni. Chachitatu apongozi, mayi a a Mabuleki, anayamba kubwera Loweruka lililonse, kukhala pampando wabwino uja, n'kumanena kuti nyumbayi ndi yaukhondo kwambiri, ilibe woidetsa. Alongo a a Mabuleki ankathira ndemanga. Pampopi paja azimayi ankasiya nkhani alamu akafika ndi ndowa. Mawu oti chumba palibe ankawanena pamaso pawo, koma ankawafika ndithu.

Alamu anapita okha kuchipatala, adokotala n'kuwabweza kuti akabwere ndi bambo. Atapita awiri, adokotalawo anawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti mwana ndi wa anthu awiri, ndipo vuto limapezeka kulikonse. Kwa amayi akhoza kukhala machubu otsekeka chifukwa cha matenda amene sanachizidwe, mazira osakhwima m'nthawi yake, zotupa za m'chiberekero, kapena msinkhu. Kwa abambo ikhoza kukhala mbewu yochepa kapena yofooka, mitsempha yotupa kumusi, matenda opatsirana, mowa ndi fodya, kutentha kwa malo ogwirira ntchito, ngakhalenso matsagwidi. Anati ayamba ndi bambo chifukwa kuyeza kwake n'kosavuta ndipo sikupweteka. Anawapatsa kabotolo kotsekera kofiira, n'kunena kuti akhoza kukadzazira kunyumba, bola kafike kulabu ola lisanathe, ndipo akasunge m'thumba lapafupi ndi thupi kuti kasazizire.

Apa ndiyenera kufotokoza za tibotolo ku depoti kwathu, chifukwa popanda zimenezi mungatiyese afiti. Chaka chilichonse dalaivala aliyense amayezedwa maso, magazi ndi mkodzo. Akakupeza ndi shuga wokwera amakutsitsa m'basi kaye, ndipo ena amene anatsitsidwa sanakwerenso. Ndiye kuyambira kale, tisanalowe ntchito ife, pali kathandizidwe kake. Amene akudzikayikira amapereka kabotolo kake kwa mnzake wathanzi, kuseri kotsukira mabasi, mnzakeyo n'kumudzazira. Ine sindimwa mowa, sindisuta, shuga ndilibe, moti anzanga amanditcha mpopi wa depoti. Chaka china ndinamwa madzi mpaka mimba kuti ndi, n'kudzazira anthu asanu ndi mmodzi, anamwino n'kumayamikira kuti madalaivala a kuno amadzisamala. Sitinkaliona ngati bodza. Tinkati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Choncho m'mawa wina a Mabuleki atandikodola kuti tipite kuseri kuja, n'kutulutsa kabotolo m'thumba la malaya, ine ndinaseka n'kufunsa kuti shugayo wawayamba liti. Sanaseke. Anandiuza chimene chinkafunika m'kabotolomo, kenako anandiuza za matsagwidi aja, maso ali pansi, akupalasa matope ndi nsapato. Anati pepala likatuluka loipa, mayi awo sapirira, alongo awo afalitsa, ndipo mkazi wawo, wokongola chonchija, achoka.

"Ndikungofuna chaka chimodzi, achimwene," anatero. "Mwina zichitika zokha. Zikakanika ndidzanena ndekha."

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi ana atatu, wachinayi ali m'njira. Ndikanakonda kunena kuti ndinakana kaye, kapena kuti ndinalingalira za alamu ngakhale pang'ono. Sindinatero. Ndinangoona mnzanga ali ndi kabotolo m'manja, ndinatenga ngati mwa masiku onse, n'kulowa m'chimbudzi cha depoti. Nditatuluka, a Mabuleki anakabisa mumtima mwa malaya n'kuthamanga kukakwera takisi. Aka kanali koyamba kuwaona akufulumira, ndipo ndinaima pamenepo n'kumaseka ndekha.

Pepala linatuluka labwino mopitirira. Adokotala anawagwira chanza n'kuwauza kuti mbewu ngati imeneyi saiona kawirikawiri. Atandionetsa ku depoti ndinadziguguda pachifuwa, ndikuti mwaonatu katundu wa kwathu, ndipo nawonso anaseka pang'ono. Kuseka kumeneko kumandichititsa manyazi mpaka lero. Pamene ine ndinkadzitama, adokotala anali atatembenuzira kale mpando wawo kwa alamu.

Anayamba ndi magazi. Kenako anawapopera mankhwala m'machubu kuti aone ngati ndi otseguka, ndipo alamu anauza akazi anga kuti ululu wake anaumva mpaka m'mano. Machubu anali bwino. Anawapatsa mapiritsi okhwimitsa mazira amene ankawachititsa chizungulire ndi thukuta ali pamakina. Pakhoma la kuchipinda panabwera kalendala yozunguliridwa ndi bolopeni yofiira. Sikani inapeza tizotupa tiwiri ting'onoting'ono m'chiberekero, adokotala n'kunena kuti totere nthawi zambiri sitilepheretsa mimba, koma poti bambo ali bwino, palibenso kwina koloza. Madokotala ankasintha, fayilo inkanenepa, koma aliyense watsopano akatsegula ankapeza pepala lija patsamba loyamba, n'kugwedeza mutu, n'kupitirira. Mmodzi yekha ndiye ananena kuti bambo ayezedwenso poti papita nthawi. A Mabuleki anati abwera sabata yamawa, ndipo pamene ankabwereranso dokotalayo anali atasamutsidwa.

Musaganize kuti a Mabuleki anali munthu wouma mtima. Ulendo uliwonse wakuchipatala ankasinthana shifiti n'kuwaperekeza, atanyamula chikwama chawo, atakhala pabenchi pakati pa azimayi okhaokha. Anamwino ankawaloza pouza azimayi ena kuti amuna enieni ndi awa. Kunyumba ankachapa, kukolopa, kutunga madzi pampopi paja azimayi akuonerera. Mayi awo atayamba kutchula za mtsikana wina wakutchalitchi kwawo, wa m'banja lobereka, a Mabuleki anakalipa koyamba m'moyo wawo, mpaka mayiwo anakhala miyezi itatu osapondako. Anthu anati chikondi. Chinalidi chikondi, ndikuikira umboni, koma munalinso mantha, chifukwa mkazi wachiwiri akanangoulula zonse osatsegula pakamwa. Akamachita zabwino anthu ankawatama, akamatamidwa alamu ankawathokoza misozi ili m'maso, ndipo akamathokozedwa m'pamenenso pakamwa pankalemera.

Chaka chimodzi chija chitatha ndinawakumbutsa. Anati Lamlungu likubwerali. Ndinawakumbutsanso, anati adikire kaye mapiritsi awa athe. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kenako ndinasiya kufunsa, ndipo tikakumana pamakabati tinkakamba za matayala ndi za mpira.

M'chaka chachisanu a Mabuleki anapita okha kulabu ina kutali ndi kwathu, ndi kabotolo kodzaza okha. Anandiuza tili kuseri kotsukira mabasi komwe kuja. Munalibe kanthu, ngakhale kamodzi kofooka. Pepalalo analing'amba asanatuluke pageti la labuyo. Ine ndinaganiza kuti tsopano anena, poti chiyembekezo chimene ankabisalamo chatha. Koma chinangowamanga kwambiri. Kale akanatha kunena kuti sindinkadziwa, tsopano ankadziwa.

M'chaka chachisanu ndi chiwiri madokotala anaganiza zochotsa tizotupa tija, timene tinali titakulako pang'ono. Tsiku loti mawa ndi opaleshoni ndinawatsekera njira a Mabuleki pakati pa mabasi awiri, mtima utandipsa, n'kuwauza kuti akulola munthu kung'ambidwa mimba chifukwa cha manyazi awo. Ndinawatchula mawu oipa amene sindingawabwereze pano. Sanadziteteze. Anangogwira galasi la basi ngati akufuna kuliwongola.

"Ndikanena lero," anatero, "zaka zisanu ndi ziwirizi ndikazitcha chiyani?"

Ndinawauza kuti ngati sanena, ndikanena ndine. Anandiyang'ana n'kufunsa mwaulemu ngati akazi anga akudziwa zimene ndinachita m'chimbudzi chija. Sankandiopseza ayi, ankangofunsa. Koma ukali wanga wonse unathera pomwepo. Ndinaona nkhope ya akazi anga, amene anali mnzawo wapamtima wa alamu, amene anawagwirapo dzanja pabenchi yachipatala. Ndinakwera basi yanga n'kupita. Patapita masiku awiri ndinapita ndi a Mabuleki kukazonda matenda, nditanyamula malalanje, ndipo alamu, milomo itauma, anandithokoza chifukwa cholimbitsa mtima amuna awo.

Bala linapola, mimba sinabwere. Chikhakhali chija chinayamba kuchepa mpaka tinachiiwala. Anasiya kupita kokaona makanda, ankangotumiza kamalaya kosoka okha. Ku shopu anapempha kusinthana malo ndi mnzawo, n'kusamukira pamakina a kumbuyo, pafupi ndi mashelefu a nsalu. A Mabuleki nawo tsitsi linayamba kuyera. Nthawi yopuma ankadya okha m'basi, zitseko zitatsekedwa. Kuyezedwa kwa chaka ndi chaka kukafika, anzathu akamapatsirana tibotolo n'kumaseka, iwo ankapita kukapukuta magalasi oyera kale. Ine ndinasiya kudzazira anthu, ndinanama kuti nanenso shuga wandiyamba.

Alamu anachoka m'chaka chakhumi ndi chiwiri chichokereni tsiku la kabotolo lija. Panalibe ndewu. Anachapa makatani, anasita mayunifomu onse a amuna awo n'kuwapachika, kenako anawakhazika pansi n'kuwauza kuti a Mabulekiwo ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu, mwamuna pamsinkhu umenewo akhoza kuberekabe, ndipo si bwino kuti munthu wabwino chonchi afe wopanda mwana chifukwa chomvera chisoni mkazi. Anasamukira kwa mkulu wawo. A Mabuleki anandiuza kuti analira, anagwada, anawagwira miyendo, ananena mawu onse amene alipo kupatula amodzi aja.

Anapitiriza kubwera kuntchito m'nthawi yake, malaya ali osita. Basi yawo imadutsa pashopu paja kasanu ndi katatu patsiku. Anapempha akapitawo kuti awasinthe njira, akapitawo n'kukana, ati njira imeneyo ili ndi masukulu anayi ndipo palibe wina amene makolo amamukhulupirira. Mayi awo, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anayambiranso kubwera Loweruka, nkhope ili yowala, ndi mayina a atsikana. Kukwatira sakanatha, kukatenga mkazi wawo sakanatha. Anandiuza kuti kawiri konse anafika pakhomo pa mkulu wa alamu, n'kubwerera asanagogode.

Patatha miyezi inayi alamu ananditumizira uthenga kuti ndikawaone ku shopu. Ndinapita masana nditaweruka. Anzawo awiri aja anali atapita kukapereka katundu kusukulu ina, moti tinali awiri. Anandipatsa kampando, iwo n'kumapitiriza kusoka kolala ya kamalaya koyera. Anandifunsa za akazi anga ndi ana, mmodzimmodzi mpaka wachisanu. Kenako anafika pa nkhani. Anati amva kuti amuna awo akuonda ndipo akukana aliyense amene apongozi akumutchula. Anati ine ndi amene amandimvera.

"Mukawauze akwatire, alamu. Ine ndilibe nawo chifukwa. Vuto ndi langa, iwo asadzilange nalo."

Sindikudziwa chimene chinatsegula pakamwa panga tsikulo chitalephera zaka zonsezo. Mwina n'chifukwa choti anandipempha mwaulemu chonchija. Ndinawauza kuti pepala lili patsamba loyamba la fayilo yawo si la amuna awo, ndi langa. Makina anaima. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza, ndipo ndinafotokoza zonse: matsagwidi, tibotolo ta ku depoti, chimbudzi, takisi. Pofotokoza za kathandizidwe kathu kaja ndinadzimva ndekha kupusa kwake, ndikuuza mayi wong'ambidwa mimba kuti kwathu timatero.

Sanalire, sanakuwe. Anafunsa ngati amuna awo anadzayezetsapo okha, ndinati inde. Anafunsa liti, ndinawauza. Anawerenga zaka ndi zala pamwamba pa nsalu ija, n'kufunsa ngati kunali opaleshoni isanachitike. Ndinati inde. Anaika dzanja pamimba, pamwamba pa epuloni. Kunja ana asukulu ankadutsa akuchita phokoso.

Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika moti ndinachita kuwerama. Anati tsiku limene ndinalowa m'chimbudzi chija iwo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, machubu otseguka, mazira abwino. Anati mwezi wathawu anapitanso kuchipatala chifukwa kumwezi kwayamba kudumphadumpha, adokotala n'kuwauza kuti mazira atsala pang'ono kutha. Anati mawu amene azimayi a pampopi ankanena kumbali aja anali abodza zaka zonsezo, koma tsopano asanduka oona, ndipo tawasandutsa ndife awiri.

Ndinapepesa. Kupepesa kwake kunamveka kochepa ngakhale m'makutu mwanga. Ndinayesanso kuwanenera a Mabuleki, kuti ankaopa kuti mukadziwa muchoka. Apa m'pamene anandiyang'ana m'maso koyamba.

"Ndikanakhala, alamu. Akanangondiuza tsiku lomwelo, ndikanalira sabata imodzi, n'kukhala. Ndinawakwatira iwo, sindinakwatire pepala. Tikanalera wa m'bale, kapena tikanangokalamba awiri. Koma kusankhako kunali kwanga."

Ndinafunsa ngati pali chimene ndikawauze. Anati ndikanene zonse monga ndazimvera, ndiponso kuti asabwere kwa mkulu wawo, chifukwa tsopano ndiye sangathe kuwayang'ana. Anatenga ulusi kuti alowetse pasingano, analephera katatu. Ndinanyamuka n'kutsanzika.

M'mawa mwake ndinawapeza a Mabuleki pamakabati akumanga zingwe za nsapato. Ndinadikira kuti anzathu atuluke, n'kuwauza kuti ndinaulula kwa alamu. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ndipo chibakera ndikanachilandira mosangalala. Anangomaliza kumanga nsapato inayo, n'kufunsa kuti anati chiyani. Ndinawauza zonse, osachotsapo, za opaleshoni, za mazira, za kuti asapiteko. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandibweza pakati.

"Anati akanakhala?"

"Anatero."

"Ananena okha, kapena mukungondipepesa?"

"Ananena okha, achimwene."

Anakhala pabenchi makiyi ali m'manja, akuyang'ana chitseko cha kabati. Panja akapitawo anaitana nambala ya basi yawo, anaitananso kachiwiri, ndipo kachitatu anachita kulowa kudzaona ngati munthu amene sanachedwepo chiyambire ntchito wadwala. A Mabuleki anaimirira, anapepesa, n'kupita kukaliza injini.